Zoyang'ana musanagule galimoto yakale: ipezeni injini ili yozizira

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula ndi maso okha. Penti inali yonyezimira, mipando yosang'ambika, wailesi ikulira bwinobwino, ndipo mwiniwake anali bambo wodziwa kucheza. Nditafika ndinapeza injini ikulira kale. "Ndati ndiitenthetseretu, achimwene, kuti musataye nthawi," anatero bambowo, ine n'kuwathokoza ndi mtima wonse. Patangotha milungu itatu galimoto ija inawira pachitunda, nthunzi ili tolotolo. Makaniko atamasula mutu wa injini anandionetsa gasiketi, chotsekera cha pakati pa mutu ndi thupi la injini, yomwe inapsa kalekale pakati pa silinda imodzi ndi njira ya madzi. Kutenthetseratu kuja kunali kubisa utsi woyera womwe galimotoyo inkatulutsa m'mawa uliwonse poiliza.

Galimoto yoti yayenda zaka khumi kapena kuposerapo n'kukhala yopanda vuto kulibe, ndipo wokuuzani kuti yake ilibe kalikonse ndiye woyamba kumukayikira. Chomwe mukupitira kumeneko ndi kusiyanitsa vuto lotha ndi ndalama ya m'thumba ndi vuto lokumizani. Zomiza munthu zilipo zinayi: mapepala, chasisi, injini ndi giyabokosi. Zotsalazo, kaya ndi galasi long'aluka kaya mabuleki otha, n'zonenerera mtengo basi.

Musananyamuke pakhomo

Imbani foni muwauze ogulitsawo momveka bwino kuti asailize mpaka mufike. Mukufuna kuipeza momwe yagonera usiku wonse. Pitani masana kukuwala, ndipo kukakhala mvula sinthani tsiku, chifukwa madzi amabisa penti yoipa komanso simungaone ngati pansi padonthera kanthu. Nyamulani tochi, kansalu koyera, kamaginito ndi katoni yogonapo posuzumira kunsi. Mutengenso mnzanu. Iyeyu adzaima kumbuyo kuyang'ana utsi, koma ntchito yake yeniyeni ndi kucheza ndi ogulitsa kuti inu muone zinthu popanda wokulongololerani m'khutu.

Mapepala kaye

Mapepala akakhala olakwika palibe chodetsera manja. Nambala ya chasisi yomwe ili papepala ifanane ndi yomwe inadindidwa pachitsulo cha galimotoyo, chilembo ndi chilembo. Kuyambira 1981 magalimoto ambiri ali ndi nambala yotchedwa VIN, yokhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo mmenemo simupezeka I, O kapena Q kuopa kuzisokoneza ndi 1 ndi 0. Magalimoto opangidwira msika wa m'dziko la Japan momwemo amakhala ndi nambala yaifupi yoyamba ndi zilembo za mtundu wa galimotoyo, choncho musadabwe ikapanda kukwana 17. Ifufuzeni pachitsulo cholekanitsa injini ndi okwera, pansi pafupi ndi mpando wakutsogolo, pafelemu ya chitseko, kapena m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Iwalitseni ndi tochi chammbali. Mukaona kuti pozungulira pake anapala, anawotcherera kapena anapaka penti yatsopano pokhapo, tsanzikani. Dzina la papepala likhale la amene akukugulitsaniyo, ndipo mufunse mopanda manyazi ngati galimotoyo sinaikidwe chikole pa ngongole ina.

Malata, chasisi ndi dzimbiri

Imani pakona yakutsogolo, weramani pang'ono, muyang'ane mbali yonse kuwala kukuimenya. Malata owongoledwa amaoneka mafundemafunde. Yendetsani chala m'mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi buti. Mpata wa kumanzere ufanane ndi wa kumanja. Timadontho ta penti pa labala wa magalasi, kapena chitseko chimodzi chosiyana mtundu pang'ono ndi zinzake, zikutanthauza kuti inapentedwanso. Kulungani kamaginito kaja m'kansalu kuti kasakande, mukayendetse m'zitseko ndi m'madigadi. Pomwe kakukana kugwira pali zomatira zokhuthala. Kumbukirani kuti maginito sagwira pulasitiki kapena aluminiyamu, ndiye musaweruze bampala.

Kupentanso pakokha si mlandu. Galimoto yakale iliyonse inakhulidwapo penapake. Funso ndi loti nkhonyayo inafika pamafupa kapena ayi. Tsegulani boneti muone zitsulo ziwiri zazikulu zomwe zimachokera kuseri kwa bampala n'kudutsa mbali zonse za injini. Zikhale zowongoka, zopanda makwinya, zopanda mabala a kuwotcherera. Mitu ya mabawuti a madigadi ikakhala yosupuka penti ndiye kuti sipanala inadutsapo. Kumbuyo chotsani tayala la sipeya muone pansi pa buti. Ngozi yogundidwa kumbuyo imasiya makwinya pamenepa, ndipo owongola ambiri safikapo poti amadziwa kuti ogula sasuzumirako. Galimoto yopindika chasisi imadya matayala moyo wake wonse, muikonzetse kangati kaya.

Tsopano yalani katoni mugone. Dzimbiri lapamwamba, longofiiritsa chitsulo, lisakuopseni. Loopsa ndi lomwe ladya mpaka mkati. Dinani ndi kiyi m'munsi mwa zitseko, pamalo oika jeke, ndi pomwe ma shock absorber amamangidwa. Chitsulo chikamayoyoka kapena kubooka, nkhani yatha. Magalimoto omwe anakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, kapena kumayiko ozizira komwe amathira mchere m'misewu posungunula chipale, ndi omwe amaola kunsi pamwamba pakuoneka bwino. Kunsi kopakidwa phula lakuda latsopano pagalimoto ya zaka 15 nakonso kumandipatsa mafunso.

Pali inanso yofunika kuithawa: yomwe inamirapo m'madzi osefukira. Kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto kwenikweni muone ngati ali ndi mzere wa matope. Tukulani kapeti, nunkhizani, yang'anani njanji zomwe mipando imayendapo ngati zachita dzimbiri. Galimoto yotere imayenda bwino lero, koma mawaya ake amaola pang'onopang'ono, ndipo mavuto a magetsi amayamba kubwera limodzilimodzi osatha.

Matayala musawachedwere. Pambali pa tayala pali mawu oti DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Mayiko ambiri salola tayala lomwe mizere yake kuya kwake sikukwana mamilimita 1.6. Chofunika kwambiri ndi kadyekedwe kake. Tayala lodyeka mbali imodzi yokha likuloza ku miyendo ya galimoto, ndipo nthawi zina ku chasisi chija.

Injini isanalire

Apa ndi pofunika kudekha. Ikani dzanja pa injini. Ikakhala yofunda pomwe munagwirizana kuti asailize, musakangane nawo, ingonenani kuti mudzabweranso mawa m'mamawa.

Zulani kandodo koyezera oyilo, pukutani pakansalu koyera, bwezerani, zulaninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri. Kuda kokha si vuto, makamaka pa injini ya dizilo yomwe imadetsa oyilo msanga. Mutikiteni pakati pa zala. Mukamva ngati mchenga kapena mukaona tizitsulo tonyezimira padzuwa, mkatimo zitsulo zikudyana. Oyilo wonanda ngati ulimbo nthawi zambiri amakhala wothiridwa dala kuti atseke pakamwa injini yogogoda.

Masulani chitsekerero chothirira oyilo muchitembenuze. Zoyera zonanda ngati mafuta odzola zikusonyeza kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo. N'zoona kuti galimoto yoyenda timaulendo tatifupi tokhatokha imatha kuchita zimenezi pang'ono chifukwa cha chinyontho, koma zikapezekanso pakandodo kaja ganizirani za gasiketi. Walitsani tochi m'bowomo. Mukaona zakuda zoundana ngati phula, mwiniwake sankasintha oyilo pa nthawi yake, anene zotani.

Rediyeta muitsegule pokhapokha injini ili yozizira. Ikatentha madzi ake amatumphuka n'kukuwotchani nkhope. Madzi ake akhale a mtundu wooneka bwino, obiriwira, ofiirira kapena abuluu malinga ndi mankhwala omwe amathira. Akakhala ofiira ngati dothi ndiye kuti ankathira madzi wamba ndipo mkati mwachita dzimbiri. Oyilo woyandama pamwamba ndi chizindikiro choipa kwambiri. Musanatsegule n'komwe, finyani paipi yaikulu ya pamwamba. Injini yogona usiku wonse paipi yake imakhala yofewa. Ikakhala gwa ngati yapopedwa, mwina mpweya wa m'masilinda ukulowa m'njira ya madzi. Onaninso fani. Ena amailumikiza kuti izizungulira nthawi zonse kiyi akangotembenuzidwa, ena amachotseratu thermostat, kavavu kotsegula njira ya madzi injini ikatentha. Zonsezi ndi njira zobisira injini yomwe inazolowera kuwira.

Funsani za timing belt. Uyu ndi lamba wa mano yemwe amagwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavavu, ndipo pa injini zambiri amayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000 kapena pakatha zaka zingapo, malinga ndi buku la galimotoyo. Amakaniko ambiri amamata kapepala pachivindikiro chake kosonyeza tsiku ndi makilomita omwe anasinthira. Pa injini zina lambayu akaduka galimoto imangozima. Pa zina zambiri mapisitoni amagunda mavavu n'kuwapinda, ndipo zikatero mwagula injini ina. Popanda umboni, muwerengere kuti sanasinthidwe ndipo mtengo wake uchoke pa mtengo wa galimoto. Injini zina zili ndi tcheni m'malo mwa lamba. Imeneyo mudzaimva ndi khutu.

Ine injini yafumbi imandisangalatsa kuposa yotsukidwa mbee. Fumbi limaonetsa pomwe oyilo akuchucha. Yotsukidwa dzulo siikuuzani kalikonse mpaka mutaiyendetsa.

Ngati muli ndi kamita koyezera magetsi, batire labwino limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo ikamalira nambalayo ikwere kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, alternator, chipangizo chotchaja batire, sikutchaja.

Tembenuzani kiyi, koma musailize kaye

Tembenuzani kiyi mpaka magetsi a padashibodi ayake, muime pomwepo. Kagetsi ka injini, ka oyilo, ka batire, ka ABS (yothandiza mabuleki) ndi ka airbag (thumba lofufuma pangozi) tonse tiyake. Kenako injini ikalira tizime. Kagetsi komwe sikakuyaka n'komwe n'kokayikitsa kuposa komwe kakukana kuzima, chifukwa alipo ogulitsa omwe amazula babu kapena kumata tepi yakuda kuseri.

Mnzanu aime kumbuyo, boneti ikhale yotsegula, wailesi izime. Lizani osaponda moto. Masekondi oyambirirawa ndi omwe munadzukira m'mamawa. Phokoso la chitsulo chokhwekhwereza lomwe likumveka kanthawi n'kusiya limachokera ku tcheni yotamuka. Kaphokoso kopyapyala ka tiki-tiki kumutu kwa injini nthawi zambiri n'kokonzeka. Koma kugogoda kwakuya kochokera kunsi, kofulumira mukaponda moto, ndi mabering'i a mkati, ndipo injini yotero masiku ake ndi owerengeka.

Utsi uli ndi chilankhulo chake. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Ukangotuluka kamodzi poliza n'kusiya, kawirikawiri ndi timalabala ta mavavu tomwe tauma. Ukamatuluka nthawi zonse mukaponda moto, maring'i a mapisitoni atha, kapena turbo ngati ilipo. Wakuda ndi mafuta ochuluka osapsa bwino, ndipo pa dizilo amayamba kukayikiridwa ndi ma injector, tizipangizo topopera mafuta m'injini. Woyera muusamale: kanthunzi kopyapyala kotha msanga m'mawa wozizira n'kabwinobwino, koma utsi woyera wokhuthala, wochedwa kubalalika, wa fungo lotsekemera, ndi madzi a m'rediyeta akupsa m'silinda. Umenewu ndi womwe bambo aja anandibisira.

Injini ikadali yozizira, siyani rediyeta yotsegula kwa mphindi imodzi kapena ziwiri muyang'ane madziwo. Thovu lotuluka mosalekeza likunena nkhani yomweyo ya gasiketi. Tsekani isanatenthe. Kenako masulani chitsekerero cha oyilo mungochikhazika pabowo osamanga. Kuvinavina pang'ono si kanthu, koma chikamakankhidwa ndi utsi wotuluka mwamphamvu ngati sitima, injini yatopa.

M'kati

Makilomita a padashibodi amabwezedwa, ngakhale pa magalimoto a manambala amagetsi. Khulupirirani zomwe thupi la munthu ladya: labala wa chopondera buleki, chiwongolero chosalala mpaka kunyezimira, m'mphepete mwa mpando wa dalaivala mophwanyika. Galimoto yonena kuti yayenda makilomita 70,000 zopondera zake zili zodyeka mpaka chitsulo ikunama. Timapepala ta sevisi tomata pafelemu ya chitseko kapena pansi pa boneti nthawi zina timaulula nambala yaikulu kuposa ya padashibodi. Dinani batani lililonse: magalasi, mawaipa, hutala, magetsi onse, choziziritsira.

Pali chinthu chimodzi chomwe maso sangaone. Magalimoto mamiliyoni ambiri a Honda, Toyota, Nissan, Mazda, BMW ndi makampani ena, makamaka opangidwa kuyambira cha m'ma 2000, anaitanidwa kuti akasinthidwe ma airbag a kampani ya Takata, omwe ankatha kuphulika mopitirira muyeso n'kumwaza tizitsulo kwa okwera. Kutentha ndi chinyontho zimakulitsa vutoli pakapita zaka. Opanga galimoto amatha kukuuzani ndi nambala ya chasisi ngati yanuyo ikukhudzidwa komanso ngati inasinthidwa.

Pamsewu

Yendetsani nokha, ndipo kuzungulira kamodzi pafupi ndi nyumba sikukwanira. Pamafunika mphindi 20 kapena 30, mumsewu wosalala momwe mungathamangeko, mumsewu wa mabampu, ndi pachitunda. Ogulitsa akayamba nkhani kapena kukweza wailesi pamalo ena ake, tcherani khutu pomwepo.

Ngati ndi ya magiya osintha ndi dzanja, yesani kilatchi motere: mukuyenda pang'onopang'ono lowetsani giya yachinayi, pondani moto mpaka pansi. Injini ikalira kwambiri liwiro osawonjezeka, kilatchi ikuterereka. Magiya onse alowe osakukuta, rivesi yomwe. Muli m'giya iliyonse, pondani moto n'kusiya mwadzidzidzi muone ngati giyayo siikutuluka yokha.

Ya otomatiki ndiye yofuna chidwi chochuluka, poti kuikonza n'kodula ndipo odziwa kuikonza bwino ndi ochepa. Mutaponda buleki, chotsani pa P kupita pa R, kenako pa D. Igwire mofatsa pasanathe masekondi awiri. Ikamachedwa kenako n'kugwira ndi chigugu, kapena ikamalira kaye pakati pa magiya isanagwire, mkati mwadyeka. Ngati ili ndi kandodo koyezera, oyilo wake pa magalimoto ambiri amakhala wofiira. Wakuda wonunkha kupserera ndi chenjezo. Giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki, simumva ikusintha magiya, mmenemo ndi momwe inapangidwira, koma isanjenjemere ponyamuka kapena kulira ngati mluzu. Imafuna oyilo wakewake, ndiye funsani kuti ankathira wotani. Akayankha kuti "oyilo ndi oyilo", mwamva zokwanira.

Pezani pabwalo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto, muzungulire pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Phokoso la kha-kha-kha lochokera kutayala lakutsogolo ndi CV joint, cholumikizira cha chitsulo chozunguza tayala, ndipo mukasuzumira mupeza labala wake wong'ambika, girizi ali mbwee. Kulira kwa huuu kokula ndi liwiro, kosintha mukakhotera mbali imodzi, ndi bering'i ya tayala. Kugogoda pa mabampu ndi mabushi kapena ma ball joint. Zonsezi n'zokonzeka, zilembeni ponenerera. Pamsewu wowongoka ndi wopanda anthu fewetsani manja pachiwongolero muone ngati ikukokera mbali. Pondani buleki mwamphamvu kamodzi: iime mowongoka, chopondera chisamire pang'onopang'ono, chiwongolero chisanjenjemere. Pachitunda imani mukoke handibuleki muone ngati ikugwira.

Nthawi yonseyi diso limodzi likhale pa muvi wa kutentha. Ukwere kufika chapakati n'kukhazikika pomwepo. Wokwera pachitunda n'kutsika potsetsereka ukukuchenjezani. Wosakwera n'komwe ngakhale mwayenda mphindi 20 ukutanthauza kuti thermostat inachotsedwa kapena inafa, kapenanso muviwo anaudula waya.

Mutabwerako

Musazimitse msanga. Lowetsani katoni ija pansi pa injini muisiye ikulira mphindi zisanu kapena khumi. Fani iyake yokha n'kuzima yokha. Sololani katoniyo muone madontho: madzi oyera ochokera ku choziziritsira alibe vuto, koma oyilo, madzi a mtundu kapena fungo la petulo zikufuna kufufuza komwe zikuchokera. Injini yotsukidwa ija tsopano yayamba kuonetsa pomwe imachucha. Zimitsani, dikirani mphindi ziwiri, lizaninso, chifukwa zilipo zina zomwe zimalira bwino zikazizira n'kumakana zikatentha.

Galimoto ikafika apa isanakukhumudwitseni, ndi nthawi yoitana makaniko wanu, osati wa ogulitsa, ndipo musapereke ndalama ya chikole iye asanaione. Magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ndi a petulo a ku Ulaya kuyambira 2001, ali ndi soketi ya OBD ya timabowo 16 kunsi kwa dashibodi, ndipo ena ambiri a zaka zotsatira ali nayonso. Kamakina kolumikiza pamenepo kamawerenga zolakwika zomwe kompyuta ya galimoto yasunga. Muuzeni makaniko aonenso ngati zolakwikazo sizinafufutidwe posachedwa: zikangofufutidwa, kompyuta imaonetsa kuti sinamalize kudziyeza, ndipo pamatenga maulendo angapo kuti imalize.

Mupempheni ayeze compression, kutanthauza mphamvu yopanikizira mpweya, ya silinda iliyonse. Manambala ake asasiyane kwambiri, ndipo amakaniko ambiri amayamba kuda nkhawa kusiyanako kukapitirira 10 pa 100 alionse. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo. Aikwezenso pa jeke agwedeze tayala lililonse, manja pamwamba ndi pansi, kenako kumanzere ndi kumanja, kuti amve ngati pali polobodoka.

Pomaliza pali kachipangizo kena kooneka ngati kabotolo, kokhala ndi madzi abuluu, komwe amakhazika pakamwa pa rediyeta injini ikulira. Kamayamwa mpweya wa pamwamba pa madziwo. Ngati muli utsi wochokera m'masilinda, madzi abuluuwo amasanduka achikasu pa injini ya petulo, kapena obiriwira pa ya dizilo. Kuyezako sikutenga mphindi khumi. Ine ndinakaona koyamba m'manja mwa makaniko uja, galimoto nditalipira kale, madzi ake akusanduka achikasu ndikuyang'ana.